Chivundikiro cha a Bispo

Rosettenville, Joni
17 de Setembro de 2023

Make Yankho,

Si buluzi. Ndayambira pomwepo dala, moni abwera pambuyo. Amene wakuuza kuti mwamuna wako anawoloka malire awiri kudzalera buluzi wa mzungu ndi Gilberto, ndikudziwa, chifukwa ndi yekhayo analowa m'nyumba muno pobwera ndi kalata yako. Munthu uja galimoto yake mabuleki alipo, koma pakamwa pake anaiwala kuika.

Tsopano moni. Uli bwanji, Lestina? Yankho wamera mano angati? Ine ndili bwino, kungoti dzino langa limodzi lakutsogolo linatsala pokwerera matekisi. Nkhani yake ndidzanena ndi pakamwa, ukadzaona mpatawo.

Ntchito ndinaipeza kwa a Dona Ermelinda, gogo wachizungu wobadwira ku Beira, amakhala okha. Anandilemba chifukwa ndinawapatsa moni wa Chipwitikizi pa geti. Akuti Chipwitikizi changa cha kinta klase, kalasi yachisanu, chimamveka ngati mbuzi yameza wailesi, koma bola chimenecho kusiyana ndi kukhala chete tsiku lonse. Ndimasesa, ndimathirira maluwa, ndimagona kachipinda ka kuseri. Ndiye pali kanyamako.

Epa, Lestina, bwenzi utakaona. Kamakhala m'madzi, m'tanki ya galasi pabalaza. Kutalika kwake kuchokera kunsonga ya chala kufika povala wotchi. Khungu ngati m'kati mwa gwafa wakupsa. Kumutu nthenga zitatu uku, zitatu uku, zomwe kamapumira, zimavina zokha m'madzimo. Kali ndi manja, iwe, manja enieni a zala, ngati a Yankho tsiku lobadwa. Ndipo nkhope yake ndi yosekerera nthawi zonse, ngati munthu amene wamva chinsinsi chako koma walonjeza kuti sanena. Mtundu wake akuti asholote, kwawo ndi ku Mexico. Dzina lake ndi Bispo, ndipo ine ndimati a Bispo, chifukwa amayenda pansi pa madzi pang'onopang'ono ngati akupita kukadalitsa anthu. Ndimawakumbira nyongolotsi m'munda. Amaziyang'ana kaye nthawi yaitali, kenako hapu, yapita.

Zimene anena abambo ako ndamva. Akuti munthu wolephera kutseka khola sangasunge banja, ndipo ankhoswe adzakhale pansi mu Janeiro kuti athetse zathu. Inde, chitseko cha khola lawo ndinapanga ndine. Inde, ndinangochitsamiritsa ndi mwala m'malo momanga. Inde, mbuzi zisanu ndi ziwiri zinagona m'munda wawo wa nyemba mpaka mimba ndwii. Sindikukana. Koma kuwayankha ndiwayankha bwanji? Ndi apongozi. Zaka ziwiri pamudzi panu sindinawayang'anepo kumaso, tikakumana panjira ndimalowa patchire ngati nkhwali. Iwe ungowauza kuti a Mateus amva, ndipo Janeiro akadali kutali.

Ndatumiza makapulana awiri, nsapato za mwana, ndi ma randi oitocentos, 800. Adubu, feteleza uja, ukagule ku Furancungo, osati kwa anyamata a pa Chidzolomondo, aja amasakaniza ndi mchenga. Kapulana wobiriwirayo upatse amayi ako.

Ndine wako wa mpata m'kamwa,
Mateus


8 de Outubro de 2023

Make Yankho,

Moni kwa iwe ndi kamnyamata kanga. Ndamva kuti chifuwa chamusiya, Mulungu ngwabwino. Ine ndili bwino, ndanenepa pang'ono m'masaya, kwina konse ayi.

Kuno kunachitika zoopsa. Lachiwiri m'mawa ndikulowa ndi tsache, kuyang'ana m'tanki, mulibe munthu. Madzi okhaokha. Ndinafufuza mpaka ndinawapeza a Bispo pansi pa kabati, fumbi mbuu thupi lonse, ndipo pawindo pali mphaka wa nyumba yoyandikana akunyambita milomo ngati wachokera ku ukwati. Dzanja lamanzere la a Bispo palibe, laduka pa chigongono. Kani tinyama timeneti timalumpha! Ine ndinkayesa ndi anthu aulemu.

Ndinanyowetsa manja, kuwatola, kuwabwezera m'madzi. Anamira ngati mwala. Ndinawerenga Ave Maria atatu, ine amene ku tchalitchi ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Pa wachitatu nthenga zija zinagwedezeka. Ndipo ukudziwa, Lestina? Nkhope ija ikusekererabe. Dzanja ladyedwa, munthu akusekerera. Ine dzino limodzi ndinalira mpaka anthu anandizungulira.

A Dona anabwera ndi ndodo yawo, anayang'anitsitsa, nkuti, "Calma, Mateus, dzanjalo limera lina." Ndinati mumtima, gogoyu ukalamba wafika kumutu. Dzanja ndi chinangwa kuti liphukire? Koma ndinangoti sim senhora, inde mayi.

Kenako anati pafunika tampa, ndiye kuti chivundikiro. Chakale chinasweka posamutsa tankiyo. Anandifunsa ngati ndingathe. Ndinati, "Dona, ku Macanga konse akamva dzina langa amadziwa za zitseko." Sindinaname, eti?

Iwo apita ku Pretoria kwa mlungu umodzi kukachotsa ng'ala m'diso, ndiye ndagwira ntchitoyi ndekha, mwaufulu. Ndinapeza galasi la windo lakale mu garaja. M'mbali monse ndinazunguliza mphira ya chubu cha njinga. Pamwamba njerwa ziwiri. Pamene pamalowa kapaipi kozunguza madzi ndinatsekapo ndi nsanza, thi. Ndinakumbukira mmene amayi ankamatira mphika wa mbewu ya nyemba ndi dothi kuti nankafumbwe asapeze polowera. Ndiye ndi chimodzimodzi. Mphepo siilowa, ntchentche siilowa, mphaka anabwera nkubwerera ali wamanyazi.

Uwauze abambo ako, mwaulemu, utagwada, kuti mkamwini wawo watseka chinthu ku Joni ndipo chatsekeka. Unene pamene akudya, mtima uli m'malo.

Usagulitse mbatata ya mbewu ngakhale ogula a ku Tsangano atakweza mtengo. Ndanena.

Mmisiri wako,
Mateus


29 de Outubro de 2023

Lestina,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino.

Ngati sunawauze abambo ako zija, usawauze. Ngati unawauza kale, basi, ndi mmene zakhalira.

Kunatentha kuno mlungu uja, ndipo magetsi ankathima kawirikawiri. Ine ndinkangoyang'ana kuti a Bispo sanatuluke, nkumadziyamikira. Tsiku lachitatu anakana nyongolotsi. Lachinayi nthenga zija zinapindikira kutsogolo, nkumera toyera ngati thonje. Lachisanu anayandama chammbali pamwamba pa madzi. Nkhope ikusekererabe. Chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri, bola akanakhala ndi nkhope yodandaula.

A Dona anafika ndi bandeji m'diso. Anachotsetsa njerwa, anapisa dzanja m'madzi. Ndinapisanso ine. Anali ofunda ngati osambitsira Yankho. Kani tinyamati timafuna madzi ozizira ngati a pa kasupe wa kwanu mu Junho, ndipo madzi amazizira pokhapokha akamapuma pamwamba. Ine ndinawaphika a Bispo pang'onopang'ono ngati mkute.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anawaika mu kabeseni, nkuwalowetsa mu jeleira, firiji ija, pambali pa majarini. Kenako anakhala pa mpando wa kukhitchini, nkundiuza kuti kanyamaka kanali ka mdzukulu wawo Virgílio. Anakalera kuyambira kali ngati mbululu. Chaka chatha anatuluka pa mota, njinga yamoto, m'mawa, sanabwererenso. Za iye zonse anagawana achibale, gogo anapempha tanki yokha.

Ndinati ndikalongedze katundu wanga. Anati, "Khala pansi, burro, bulu iwe. Ukachoka nyongolotsi akumba ndani? Koma umve. Iwe unapanga bokosi la maliro. Ine ndikufuna chinthu chotseka koma chopuma."

Chotseka koma chopuma. Ndinapita nawo mawuwo kumunda, ndikuthirira maluwa, ndipo mwadzidzidzi ndinaona mono wa abambo ako. Madzi amadutsa, nsomba siidutsa. Ndi chitete chawo cha anapiye chija, mphepo imalowa mbali zonse koma kabawi amangozungulira nkumatukwana. Madala aja akhala akupanga chinthu chimenechi moyo wawo wonse, ndi nsungwi ndi kampeni kopanda chigwiriro, ali phee pansi pa mpichesi. Ine ndinkati ndi ntchito ya anthu osadziwa tauni.

Ndiye ndikupemphe. Akamaluka ukhale pafupi, ngati ukusenda mbatata. Uone kuti nsungwi imodzi imadumpha zingati nkulowa pansi pa zingati. Undijambulire papepala. Usanene kuti ndi za ine. Ndikudziwa kuti pa kujambula unkandiposa, ngakhale pa zonse unkandiposa, nchifukwa chake iwe unafika setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri.

Ndatumiza ma randi quinhentos, 500 okha, mwezi uno wavuta.

Mateus


19 de Novembro de 2023

Make Yankho,

Moni, kazitape wanga wolephera! Uli bwanji? Mwana ali bwanji? Ndamva kuti mvula yayamba bwino, bzalani msanga kumunda wa kumtunda. Ine ndili bwino, zala zokha ndi zimene zili m'mavuto.

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba powerenga mmene anakugwirira. Iwenso, zaka zonsezi sunafunsepo za nsungwi, lero ukakhale pamphuno pawo ndi pensulo? Ndi mbatata imodzi yomweyo kuisenda mpaka kutsala ngati nyemba? Ndiye akuti anangofunsa kuti, "Kodi buluzi uja ndi wamkulu bwanji?" Uwauze kuti si buluzi. Ayi, usawauze. Akhale buluzi.

Phukusi lija Gilberto wandipatsa. Ndinafufuza kalata mkatimo, ndinakutumula nsanza, palibe ngakhale liwu limodzi. Kachidutswa koluka kokha, kukula ngati zikhatho ziwiri, kolekezedwa pakati, nsonga zili lendelende. Lestina, ndinakayang'ana pa dzuwa. Mabowo onse ofanana ngati zisa za njuchi, ngakhale limodzi lonenepa kuposa linzake. Palibe msomali, palibe waya, palibe guluu, koma ukakoka kamalimbirako. Ndinanunkhiza, kakununkha utsi wa kukhitchini kwa amayi ako. Ndinatuluka panja pang'ono, m'maso munalowa fumbi.

Ndinati ndikamasule kuti ndione njira yake. Kumasula kunatheka bwino kwambiri, pa kumasula ndine katswiri. Kubwezera ndiye kunali ngati kubwezera matumbo m'mbuzi. Masiku atatu ndikulimbana nako.

Nthawi ndinali nayo yambiri, chifukwa masiku asanu sindinatuluke pa geti. Mumsewu munkadutsa anthu ndi nyimbo ndi zikwapu, kugogoda m'mageti kufunsa za alendo. A Dona anaima pakhomo ndi ndodo yawo nkuwauza kuti muno muli gogo ndi nsomba basi. Ine ndinali pansi pa tebulo la kukhitchini ndi nsungwi za abambo ako. Zatha tsopano, usadandaule, ndipo usawauze amayi anga. Ndi pansi pa tebulo pomwepo pamene zala zinamva: ziwiri zopingasa, yachitatu imadutsa pakati nkuzimanga zonse. Nsungwi iliyonse imagwira inzake, ndipo inzakeyo imagwira ina. Palibe bwana.

Vuto ndi lakuti nsungwi sizigwirizana ndi nthunzi ya tanki. Ndinayesa ndi zakuno, masiku anayi zachita nkhungu, nkumadonthetsa madzi abulauni. Ndiye ndikutola malamba a pulasitiki omangira makatoni, amatayidwa kuseri kwa shopu ya matailosi. Ndimawawiritsa kaye kuti ayere. Amacheka ngati lumo. Zala zanga zili ngati zakumana ndi mphaka uja.

A Bispo atuluka mu jeleira, thonje lija latha, adya nyongolotsi ziwiri. Pakali pano tavundikira ndi katani wa maukonde ndi zopanira zovala, ndipo windo sititsegula. Koma tamvera ichi. Pa chigongono paja patuluka kanthu, ngati nyemba ikamasuzumira m'nthaka. Gogo uja sananame! Ndimagwada pa tanki m'mawa uliwonse kukayang'ana. Munthu kuluzidwa dzanja, osakwiya, osapita kwa sing'anga, kungokhala phee nkuyamba lina. Juro, ndikulumbira, Lestina, sindinaonepo.

Chatsala ndi mkombero, kumanga m'mphepete kuti chilimbe. Pa kachidutswa kaja panalibe. Ufunse, poti atigwira kale.

Wako wa zala khumi, pakali pano,
Mateus


10 de Dezembro de 2023

Lestina wanga,

Moni. Ndamva kuti Yankho wayamba kuyenda. Wayenda ine kulibe. Chabwino. Umuuze kuti asathamangire, dziko ndi lalikulu ndipo kwina kulibe nzeru. Ine ndili bwino.

Yankho la abambo ako ndalandira. "Mkombero satumiza pa galimoto." Mawu anayi, ndawawerenga kambirimbiri ngati mwina lachisanu labisala kuseri kwa pepala. Poyamba ndinakwiya. Ndinauza a Bispo zonse, anandimvetsera bwino, ndi munthu yekhayo ku Joni kuno amene sadula mawu. Kenako ndinaona kuti madala akunena zoona. Choluka changa chatha, ndi chokongola, koma chopanda mkombero chimapindika ngati chikumba chouma. Pakona pamatsala mpata woti a Bispo angadutse ndi mpando wawo womwe. Ndi chitseko cha khola chija ndithu: pakati pabwino, m'mphepete bodza.

Wandilembera kuti tsiku aika, 28 de Janeiro tikaweruka ku tchalitchi, ndipo malume ako avomera kubwera. Wandilemberanso kuti unalira kumtsinje. Usalire kumtsinje, iwe, anthu amatunga madzi akumwa kumeneko.

Ndikuuze chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ukukumbuka wailesi yakufa ija ndinkakonza pakhonde pathu masana aliwonse, iwe nkumati ndine waulesi? Wailesi ija inalibe kanthu m'mimba, ndinagulitsa zamkati ndisanakukwatire. Ndinkakhala pamenepo chifukwa ndi pamene pamaonekera mpichesi. Kuyandikira sindikanatha, mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi. Ndiye ndinkawaonera kutsidya kwa bwalo, mutu uli pa wailesi, maso ali pa manja awo. Mmene amanyowetsera nsungwi pakamwa. Mmene amaipotolera ndi chala chachikulu isanalowe. Kawiri kutsogolo, kamodzi kubwerera. Akafika pakona amaima, kufwenthera fodya, ngati akupempha chilolezo kwa konayo. Ndinkafuna kufunsa, koma ndifunse bwanji, ine wa nthabwala, amene aliyense amadziwa kuti sukulu inandikana ndipo khasu timangopatsana moni?

Ndiye ndiyesa kuchokera m'mutu. Ndikatseka maso manja aja ndimawaona bwinobwino.

Natal, pa Khirisimasi, sindibwera. Mapepala anga ali ndi kavuto kakang'ono, ndikatuluka kulowanso nkovuta, ndipo sindikufuna kufika pamudzi ndi manja awiri ndi mpata wa dzino basi. Ndatumiza ma randi mil, chikwi chimodzi, shuga, mafuta ophikira, ndi kagalimoto ka Yankho. Mugule nkhuku, musaphe ya mawanga ija, ikuikira.

Ndine,
Mateus, wokonza mawailesi


7 de Janeiro de 2024

Make Yankho,

Moni wa chaka chatsopano kwa nonse, ndi kwa mbuzi zomwe, ndazikhululukira. Ine ndili bwino kwambiri. Khala pansi, ika mwana pambali, umve.

Chatheka!

Ndinamasula kasanu. Kachisanu ndi chimodzi mkombero unagwira. Mkati mwake ndinaikamo waya wokhuthala wovekedwa kapaipi ka pulasitiki kuti dzimbiri lisadonthere m'madzi. Muyeso ndinatenga ndi chingwe, kawiri, ine amene kale ndinkayeza ndi diso limodzi linalo likuyang'ana mpira. Chimakhala pakamwa pa tanki ngati chinabadwira pomwepo, ndipo chili ndi milomo yotsikira m'mbali kuti chisatsetsereke. Njerwa palibe. Kumbuyo ndinasiya kampata ka paipi, kokwana paipiyo basi. Mabowo ndi oti chala chaching'ono chimalowa koma mutu wa a Bispo ayi. Ndipo pakona ndinalukapo kachitseko kopatsira nyongolotsi, kotseguka ndi kutsekeka, kokhala ndi kamtengo kokhomera. Chitseko, Lestina. Chomanga, osati chotsamiritsa.

A Dona anaika kaventoinya, kafani kakang'ono, pambali kuti kaziuzira pamwamba pa madzi. Mphepo imadutsa m'mabowo, madzi nkumazizira okha ngati a mumtsuko. Kagalasi koyezera kutentha kakhala pa dezoito, madigiri 18, masiku asanu ndi atatu tsopano, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Tinaitana woyesa mayeso. Ndinatsegula windo dala. Mphaka anabwera, anakwera, anayenda pamwamba, anakanda, analuma pakona, kenako anakhala pakatikati ndi thupi lake lonse ngati mfumu ya mbava. Chivundikiro chinangoti nyee pang'ono nkubwerera. A Bispo ali pansi akumuyang'ana, akusekerera. Apa ndiye kusekererako kunali ndi chifukwa.

Lachinayi ndinawaona ndi maso anga akulumpha. Anathamanga kuchokera pansi, phwaa, mutu gu pa choluka, nkubwerera m'madzi bwinobwino, osakalika pena paliponse, chifukwa nsonga zonse ndinazipindira kunja. Anakhala pansi kuganiza za moyo wawo.

Dzanja lija latha kumera. Ndi laling'ono kuposa linzake, loyera ngati mphukira ya mbatata ya m'nyumba, koma zala zinayi zonse zilipo. Dzulo anagwira nalo galasi, ine ndinaika chala changa kunja kwake. Usaseke.

A Dona maso awo sakuonabe bwino, ndiye anachiyendera ndi zala, bowo ndi bowo, mpaka kuzungulira mkombero wonse. Anati Virgílio akanachijambula nkutumizira anzake onse. Kenako anafunsa kuti anandiphunzitsa ndani. Pakamwa panga panayankha ndisanaganize: "Meu sogro." Apongozi anga. Munthu amene sanandiyankhulepo.

Ndinaluka chachiwiri chofanana ndendende, ndi chimene Gilberto wanyamulacho. Ndamuuza kuti akachikhalira kapena kuikapo thumba la simenti ndidzauza mkazi wake za ku Beitbridge. Usakachipereke m'manja mwa abambo ako, ndipo usanene kanthu. Ungochisiya pansi pa mpichesi m'mawa, iwe nkupita kumunda. Akachiponya pamoto usandibisire. Pulasitiki imanunkha, ndidzamva ndili konkuno.

Masabata atatu atsala.

Mateus


24 de Janeiro de 2024

Lestina,

Moni, uli bwanji, mwana ali bwanji, ine ndili bwino, a Bispo ali bwino, a Dona ali bwino, mphaka ali bwino. Ndathamanga ndi moni chifukwa Gilberto anyamuka mawa m'mawa.

Unandilembera kuti chivundikiro chija chinasowa pansi pa mpichesi ndipo sukudziwa kumene chinapita. Unatinso abambo ako akhala chete masiku onsewa, ndipo amati Lachitatu apita ku Furancungo kukagula mankhwala a mbuzi. Lachitatu ndi lero. Mankhwala a mbuzi ati? Madala aja anakwera mota mtunda wonse uja kukafuna rede, netiweki ya foni.

Masana ano ndikutsuka mbale, foni kulira. Nambala ya kwathu, yosaidziwa. Ndinayankha mwa masiku onse, "Alô, mwapeza nduna ya nyongolotsi, nenani vuto lanu." Ndinatchera khutu. Phokoso la msika lokha, ndi munthu akutsatsa tomato chapatali. Kenako kutsokomola. Lestina, kutsokomola kumene kuja ndimakudziwa, ndakumva zaka ziwiri kutsidya kwa bwalo.

Tandiuza iwe wa setima, apongozi pa foni umawathawira kuti? Patchire palibe. Ndinagwada pansi m'khitchini momwemo, thovu lili m'manja, nkhope ndatembenuzira ku jeleira kuti ndisawayang'ane. A Dona analowa nkufunsa ngati ndayamba kupembedza jeleira. Ndinawakupiza ndi dzanja kuti achoke, bwana wanga, m'nyumba mwawo.

Anayamba ndi kufunsa ngati buluzi akudya. Ndinati akudya, bambo. Anafunsa ngati nzoona kuti dzanja linamera. Ndinati nzoona, bambo, zala zinayi. Anati hmm. Anati chinthu chija ali nacho pomwepo m'thumba, anayenda nacho. Akuti anachiika pa beseni la anapiye masiku atatu, anachikhalira, anachipatsa galu. Kachitseko anatsegula ndi kutseka mpaka amayi ako anawalanda. Ine mawondo akupweteka pa simenti, nthabwala zonse zathawa, ndinafufuza ngakhale imodzi m'mutu osaipeza.

Kenako anati pali cholakwika chimodzi. Ndinati mumtima basi, Lamlungu ankhoswe akhala, Yankho adzakula akunditcha malume a ku Joni.

Kalatayi mwina ikupeza Lamlungu litadutsa, mwina lisanafike, zidalira matayala a Gilberto. Ngati lisanafike, mphasa za alendo usayale, ndipo thobwa umwe wekha ndi mwana. Usawauze kuti ndakuuza za foniyi, iwo anapita kukagula mankhwala a mbuzi. A Dona andilola kubwera pa Páscoa, nthawi ya Pasaka, akuti mwezi umodzi nyongolotsi akumba okha, ndipo za mapepala tiona mmene tichitire.

Ndisainiretu pano, chifukwa mawu omaliza si anga.

Mwamuna wako, mpaka pano ndi kutsogolo,
Mateus

Anatsokomolanso, nkunena chonchi, ndalemba mmene anayankhulira:

"Mkombero wanuwu ndi wolimba, koma ukuyenda chobwerera. Ine ndimapita kumanja, inu mwapita kumanzere. Ndinadabwa masiku awiri, kenako ndinakumbukira wailesi ija. Munthu woonera kutsidya kwa bwalo amaona manja motembenuka. Mukabwera, a Mateus, wailesiyo muisiye. Mudzakhale pambali pangapa. Nsungwi za chitseko cha khola ndadula kale."